Maxon wa Papepala

Jumeirah Village Circle, Dubai
4 Okutobala 2020

Wokondedwa mlongo wanga Tinenenji,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse kwathu ku Balaka. Ine kuno ndili moyo, kungoti mtima sukukhazikika. Ndalemba papepala n'kujambula chifukwa kuimba pa WhatsApp kuno sikutheka, ndipo nkhaniyi singakwane m'timauthenga. Uwawerengere amayi pang'onopang'ono, osati mwa liwiro lako lija.

Ntchito idakali yomwe ija: kuima pageti la nyumba yansanjika maola thwelofu, kuloza anthu pachipumi ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi. Koma mwezi watha kunachitika zinthu. Eyakoni ya m'fulati ina inafa masana, kunja kukutentha moti phula la mumsewu limamata nsapato. Akatswiri a kampani yathu onse anali atatsekeredwa chifukwa mmodzi anapezeka ndi korona. Mayi wa m'fulatimo anatsika ndi khanda la milungu itatu litafiira psuu, akulira. Ine ndikanangoyang'ana? Ndinabwereka sikuludiraiva, ndinakwera, ndinapeza kachipangizo kamodzi katapsa, ndinachotsa kena pamakina akufa a m'sitolo n'kuikapo. Ola lisanathe khanda linali m'tulo.

Mawa lake anandiitana bwana Wilson, mmwenye wa ku Kerala, amene amayang'anira zokonzakonza. Ndimati akandithokoze. Ayi ndithu! Anandikalipira mpaka masiki inatsika pamphuno. "Habibi, mnzanga, ukufuna boma litilande laisensi?" Kuno si ku Balaka kumene aliyense wogwira sipanala ndi injiniya. Wokonza eyakoni kapena firiji ayenera kukhala ndi khadi, ndipo khadilo silituluka popanda setifiketi yodindidwa zidindo kwawo kwa munthuyo.

Koma atapita kukaona ntchito yanga anabwerako atazizira. Anandiuza kuti alonda tikuchepetsedwa, ndipo kontrakiti yanga ikatha pa 31 Malichi saionjezeranso. Ndikabweretsa setifiketi tsikulo lisanafike, andisamutsira kwa akatswiri, viza yatsopano ya zaka ziwiri. Ndikalephera, ndege ndi ine.

Setifiketi ndili nayo, giredi wani ya zamafiriji, ili m'thiranki ya amayi. Ndinaisiya chifukwa ajenti anati kuno akufuna alonda basi. Koma pali mfundo. Iwe unali mwana, mwina sukudziwa bwino. Sitandade 8 ndinalemba kawiri osasankhidwa. Kachitatu ababa, mzimu wawo uuse mumtendere, anamva kuti obwereza sawasankha, ndiye anandilembetsa ngati mwana watsopano pa dzina la achimwene a Maxon, amene anali atasiya kale sukulu. Ndinasankhidwa. Kuchokera apo mapepala anga onse a sukulu amati Maxon Kamtedza. Koma chiphaso cha unzika ndi pasipoti zimati Luckson, chifukwa tsiku lolembetsa a Maxon analinso pamzere womwewo.

Tsono pakufunika ziwiri. Upeze setifiketiyo. Kenako a Maxon apite kwa loya akalumbire kuti Maxon wa papepalayo ndi ine, kuti iwo sanapondeko kukoleji. Zikatero zonse zipite ku Lilongwe kukadindidwa. Si nkhani yovuta kwa abale.

Yalla, fulumira Tine, usagone nayo kalatayi. Mwendo wa amayi uli bwanji?

Ndine mlongo wako,
Luckson


Balaka
29 Okutobala 2020

Achimwene a Luckson,

Moni wochuluka. Tonse tili bwino, mwendo wa amayi ukungosinthasintha ngati nyengo. Musandilalatire za kuchedwa. Foni inagwera m'ndowa, inagona mumpunga milungu iwiri, yadzuka dzana.

Kalata yanu ndinawerenga pang'onopang'ono monga munalamulira, bwana mlonda. Pa nkhani ya khanda lija amayi anaimba nthungululu mpaka aneba anatuluka kudzaona ngati mwabwera. Koma nditafika pa setifiketi anadzuka akuti akaone nandolo padzuwa, chonsecho nandolo tinali titalowetsa kale.

Thiranki ndinaikhuthula yonse. Muli makadi a ubatizo, chithunzi cha ababa, nsalu za amayi za ku mvano ndi mankhwala a njenjete. Setifiketi mulibe. Nditawafunsa anangoti, "Kafunse akulu ako." Ndinati amayi, akulu anga ati, poti wina ali ku Dubai? Sanaseke.

A Maxon sakuonekaoneka masiku ano. Mukudziwa mmene anabwerera kuchokera ku Joni m'mwezi wa Meyi pa mabasi aja, chikwama chimodzi, nsapato zosiyana. Alamu anathawira kwawo, ana atatu aja tinkadyetsa ndife. Pano Mulungu wawaona. Anapeza ntchito kuchipatala cha mishoni cha kutsidya kwa Rivirivi, amagona komweko, amabwera Loweruka pa njinga atavala ovololo yabuluu. Ndinawafunsa kuti ntchito yanji, akuti yazamanja. Mukuwadziwa a Maxon, kuti mawu atuluke mpaka uchite kukoka ngati mbewa kuuna. Alamu abwerera, ana ali pasukulu.

Kafoni kawo ndi ka batani, ndiye mukafuna kuwalembera tumizani kwa ine, ndikopera papepala n'kuwapatsa. Ndipo mukamatumiza ya mwezi uno muonjezereko ya bandulo, makalata anuwa akudya ngati mbuzi. Timamasiki tachitenje tija ndimagulitsa anthu asiya kugula, akuti korona inatha ndi chisankho.

Ndine mlongo wanu,
Tinenenji


Jumeirah Village Circle, Dubai
1 Novembala 2020

Achimwene anga a Maxon,

Ndikupereka moni kwa inu, alamu ndi ana. Ndasangalala kumva kuti mwapeza pogwira. Zaka za ku Joni zinakuzunzani, ndipo ine ndinkasowa mtendere pokuganizirani.

Tine wakufotokozerani za mwayi umene wandipeza. Achimwene, ndikupempha mwaulemu. Ngati setifiketi ija munaichotsa m'thiranki poopa chiswe, mwachita bwino, ingoiperekani kwa Tine. Za kwa loya ndi za tsiku limodzi, mawu ake ndi mizere isanu. Zoyendera ndi zolipira zonse ndi zanga.

Ndisakubisireni, nthawi ikundithamangitsa. Ndafufuza, ku Lilongwe zidindo zimatenga milungu itatu ngati maofesi ali otsegula, ndipo kuti pepala lifike kuno ndi mlungu wina. Ndikaima pagetipa ndimaona akatswiri a kampani akudutsa ndi mabokosi awo, ena sadziwa n'komwe kusiyanitsa kompuresa yakufa ndi gasi wotha. Mtima umandipweteka. Ndinaphunzira zaka zitatu kuti ndizitsegulira anthu chitseko?

Izi zikatheka si za ine ndekha. Malata a nyumba ya amayi, sukulu ya ana anu, zonse zipepuka. Ndiyankheni msanga.

Ndine mng'ono wanu,
Luckson


Balaka
6 Disembala 2020

Luckson,

Moni. Ife tili bwino. Kalata yako ndinalandira.

Mvula yagwa bwino, tabzala. Fetereza wotsika mtengo tinapeza matumba awiri titagona pamzere masiku atatu. Mbuzi ya amayi yabereka awiri.

Za pepala usade nkhawa, silinatayike, lili pabwino. Za kwa loya ndi nkhani yofunika kukhala pansi. Sizikambidwa pa foni ya mwana. Komanso kuntchito sakupereka tchuthi.

Uzipemphera. Mulungu amene anakupititsa kumeneko akudziwa.

Mkulu wako,
Maxon


Jumeirah Village Circle, Dubai
10 Januwale 2021

Tinenenji,

Moni, ndi chaka chabwino ngati kwanuko chilipo. Kuno kulibe.

Kodi wandiona bwino iwe? Ndadikira milungu isanu kuti ndimve za mbuzi yobereka awiri? Ndawalemberanso kawiri, pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere, kuli chete. Kukhala pansi, kukhala pansi, tikhala pansi pati, ine ndili kutsidya la nyanja? Akufuna ndikwere ndege ndidzagwade?

Overton, mnzanga wa ku Chipata amene timagona chipinda chimodzi, amukweza ndege Lachiwiri. Anamupatsa masiku anayi okha. Bedi lake lili pamwamba pa langa, matiresi apindidwa, ndikagona ndimayang'ana zitsulo. Tinali alonda asanu ndi atatu panyumba pano, tatsala anayi. Bwana Wilson akandiona amangotukula dzanja, "Pepa kidhar?" kutanthauza kuti pepala lili kuti. Ine ndimati inshallah mlungu wamawa. Mainshallah anga atha mphamvu, Tine. Pali Mnepali wina amene mapepala ake ali kale patebulo, akungodikira kuti ine ndiphonye.

Ndikuuze zimene zili mumtima mwanga, ndipo ukawauze mmene ndanenera, usachotse mchere. Imeneyi ndi nsanje. A Maxon sanafunepo kuti ine ndipite patsogolo. Tsiku lonyamuka sanandiimbire ngakhale foni kuchokera ku Joni. Iwo ku Joni zinakanika, ndiye akufuna tonse tizikhala pakhonde la amayi n'kumawerenga mbuzi. Pepala limene sangathe ngakhale kuliwerenga akulisungira chiyani? Akufuna alidye?

Ndipo amayi nawo bwanji ali chete? Iwenso ukundibisira kanthu, ndikumva m'thupi. Pita komweko kuchipatalako ukalitenge ndi manja ako. Usadikire Loweruka.

Luckson


Balaka
27 Januwale 2021

Achimwene a Luckson,

Moni. Khalani pansi musanawerenge, ngati pageti panupo pali mpando.

Choyamba, amayi anadwala kwambiri koma ali moyo. Sindinakuuzeni chifukwa mukanangozunzika chabe. Korona ija tinkati inatha yabwerera ndi ukali, kuno maliro ndi tsiku ndi tsiku, osalola ngakhale kugona pasiwa. Amayi anayamba chifuwa pa 12, pa 15 mpweya unayamba kuvuta. Kuchipatala cha boma kunali kodzaza, ndiye tinawatengera ku mishoni kuja kumene kuli a Maxon. Anawaika pamakina a mpweya masiku sikisi. Dzulo atuluka, akumwa phala.

Tsiku lachitatu magetsi anazima masana, jenereta osayaka. Makina a amayi anasiya kulira, ine ndikuonera pawindo. Ndinangomva anamwino akukuwa, "Itanani a injiniya! A Kamtedza ali kuti?" Ndimati injiniya wake ndani, ndikuona a Maxon akuthamanga ndi bokosi la masipanala. Anagona pansi pa jenereta ija, mphindi zingapo inabangula. Sisitere wamkulu anachita kuwagwira dzanja.

Mawa lake ndinawatengera a Maxon chakudya kukachipinda kawo kogwirira ntchito. Pakhoma pali felemu yagalasi. M'felemumo muli setifiketi yanu. Maxon Kamtedza, giredi wani.

A Maxon anatenga kontena ya chakudya, anaiika pambali, anapitiriza kupukuta sipanala yoyera kale.

Ndiye mwamva. Ntchito anaipeza ndi pepala lanu, kapena ndinene lawo, ine sindikudziwanso. Amayang'anira mafiriji a mankhwala, firiji ya kumotchale ndi jenereta. Kiyi wa thiranki anawapatsa ndi amayi eni ake, andiuza okha ali pabedi. Akuti, "Ndinaona ana akugona ndi njala, pepala likugona m'thiranki." Akapita kukalumbira kuti sanapondeko kukoleji, ntchito yatha tsiku lomwelo, mwinanso apolisi.

Mawu anu a nsanje aja ndinawapatsa ndisanadziwe zonsezi, ndi mchere wake womwe monga munanenera. Pano ndikuchita manyazi. Uyu ndi khoswe wa pamkhate, achimwene, mukamuponya mwala muswa mkhate.

Tinenenji


Balaka
7 Febuluwale 2021

Luckson mng'ono wanga,

Moni. Amayi akupeza bwino, ayamba kutuluka panja. Kalatayi ndalemba ndekha masiku atatu, ukhululuke zilembo. Wanena zoona, kuwerenga kumandivuta.

Wati nsanje. Chabwino. Tamva zanga.

Sukulu sindinaisiye ndekha. Ndinali Sitandade 6, ndinkakhoza masamu kuposa iwe. Chaka cha njala ababa anati mmodzi athandize ganyu, wina aphunzire. Anasankha iwe chifukwa unali wodwaladwala, khasu silikanakuyanja. Sindinatsutse. Pambuyo pake anatenganso dzina langa n'kukupatsa. Palibe anandifunsa. Ndinamva pawailesi, akuwerenga mayina a osankhidwa kupita kusekondale. Maxon Kamtedza. Ndinali kudimba, matope mpaka m'mawondo. Anzanga anandinyamula m'mwamba akuseka. Nanenso ndinaseka. Usiku sindinadye.

Zaka zonsezi anthu akamati Maxon wapambana Fomu 4, Maxon wamaliza koleji, ine ndimadziwa kuti si ine. Unkabwera pa tchuthi anzako akukuitana Maxon, tonse awiri n'kucheuka.

Ku Joni ndinkanyamulira zida mzungu wina wokonza mafiriji a m'mabutchala, zaka ziwiri. Ndinaphunzira ndi maso. Kuwotcherera paipi ndimatha, kuthira gasi ndimatha. Zolembalemba za mawaya ndi zimene zimandizungulitsa mutu. Nditabwera ndinamva kuti ku mishoni akufuna munthu wa mafiriji wokhala ndi pepala. Ndinagona masiku awiri ndikuganiza. Ndinati dzinalo ndi langa, chiphaso changa chikutero, ine sindinabe dzina la munthu. Iwe unali utalisiya pepalalo ngati malaya othina. Sindinadziwe kuti udzalifuna.

Ndinalakwa kusakuuza. Pamenepo ndavomera. Ndinkaopa, ndipo ndikamaopa pakamwa panga pamauma.

Mwezi wamawa akuti kubwera katemera, firiji yake aipereka m'manja mwanga. Mwana wanga Lennah walowa Fomu 1, yunifolomu ndinamugulira ndekha, koyamba chibadwire chake.

Koma thukuta la pepalalo ndi lako, zimenezo sindingakane pamaso pa Mulungu. Ndiye nena iweyo. Loya ndamufunsa kale, ali pafupi ndi positi ofesi. Ukati ndikalumbire, ndipita Lolemba lotsatira, felemu ndichotsa ndekha pakhoma. Sindikudandaulira, sindidzakutukwana. Ababa anasankha osatifunsa. Ine ndikukufunsa.

Mkulu wako,
Maxon


Jumeirah Village Circle, Dubai
9 Febuluwale 2021

Achimwene,

Moni. Ndamva zonse.

Mwandisunga miyezi inayi mumdima, pano mukundipatsa mpeni kuti ndidzicheke ndekha. Ngati ababa analakwa, kawafunseni kumanda, ine ndinali mwana wa zaka khumi ndi zinayi. Amene ankadzuka m'bandakucha kuwerenga ndi koloboyi ndi ine. Amene anakomoka ndi gasi pa mayeso ndi ine. Mukanandiuza mu Okutobala bwenzi nditapeza njira ina. Pano njira palibe.

Kalumbireni. Ndikakhazikika ndizikutumizirani mwezi ndi mwezi kuposa zimene akukupatsani kumeneko. Khalas, nkhani yatha.

Luckson


Balaka
24 Febuluwale 2021

Achimwene a Luckson,

Moni. Mauthenga anu makumi atatu ndi anayi ndawaona onse, ndi aja otukwana omwe. Foni sinagwere m'ndowa ulendo uno. Ndimangokhala chete dala.

Kalata yanu ya pa 9 sindinaipereke. Ndinaikopera bwinobwino papepala, ndinaipinda, ndinakwera kabaza mpaka pageti la mishoni. Ndinawaona a Maxon patali atagwada kumbuyo kwa firiji yatsopano ija ya katemera, akuiyeza ndi kabuku m'manja, milomo ikuyenda ngati mwana wa Sitandade 2. Ndinabwerera. Loweruka lililonse amandifunsa kuti, "Wayankha?" Ine ndimati netiweki. Jekete lawo la kutchalitchi analichapitsa kale, lili pa hang'ala kudikira kwa loya.

Ndikudziwa kuti ndalakwa. Si ine woweruza, ndipo pepalalo munalivutikira ndinu, zimenezo ndimaziona ndi maso anga ngakhale ndinali mwana. Komanso kalata ija munailemba tsiku lomwelo mutapsa mtima, ndipo ndimakudziwani mukapsa mtima. Zoti muziwatumizira mwezi ndi mwezi, inu mukuona ngati a Maxon akusowa ndalama zokha? Simunawaone akuitanidwa kuti a injiniya.

Ndawerengera masiku. Nthawi ikadalipo, koma yothina. Akalumbira Lolemba pa 1 Malichi, ine ndikwera basi ya ku Lilongwe Lachiwiri, pepala likhoza kukupezani pa 29 kapena pa 30. Ndiye lembaninso mawu omwe aja pofika Lachisanu lino. Liwu limodzi lokha likwanira. Ndikulumbira pali amayi, ndikalipereka ola lomwelo, ndipo ku Lilongwe ndikagona pakhomo la ofesi mpaka adinde.

Mukhoza kundida. Ndapirira zambiri m'banja muno, chimenechinso ndipirira.

Tinenenji


Jumeirah Village Circle, Dubai
26 Febuluwale 2021

Achimwene a Maxon,

Moni kwa inu, alamu, ana ndi amayi. Iwe Tine, popeza ukuwerenga, iyi upereke. Nkhani ya ine ndi iwe tidzaikamba maso ndi maso, usaganize kuti yatha.

Achimwene, pa 9 ndinakulemberani kuti kalumbireni. Mlongo wathu anaikhalira kalatayo. Ndikukuuzani kuti mudziwe kuti ndinanenadi, musandiyese mngelo. Anandiuza kuti ndilembenso. Lachitatu ndinatenga pepala pageti, ndinalemba moni, ndinalemba tsiku. Liwu lija linakana kutuluka. Ndinang'amba. Ndinayesa pafoni, ndinalemba mpaka "Kalumb", ndinafufuta. Koyamba linatuluka lokha chifukwa ndinali ndi moto. Kachiwiri ndimangoona munthu ali m'matope a kudimba akumva dzina lake pawailesi. Nkhani imeneyo simunandiuzepo. Tsiku limenelo ine ndinadya nkhuku.

Dzulo ndinapita kwa bwana Wilson. Ndinati pepala kulibe, mupatseni Mnepali uja. Anafunsa ngati linali labodza. Ndinati ayi bwana, ndi lenileni, kungoti mwini wake alipo. Sanamvetse, ndipo sindinafotokoze. Anandigwira paphewa n'kunena kuti manja ngati anga ndi osowa. Manja osowa akukwera ndege pa 2 Epulo.

Musati ndakhululuka zonse. Mtima ukuwawa, ndipo ndikaona akatswiri aja akudutsa pageti ndimatembenukira kukhoma. Zaka ziwiri ku Dubai, ndikubwera ndi sutikesi ndi miyendo yotupa. Anthu a ku Balaka aseka, asekeni. Jekete lija libwezereni m'sutikesi, felemu isachoke pakhoma.

Koma tamverani, pakuti dzina limene lili pakhomapo ndinalisenza zaka zambiri ndipo sindilola kuti lichite manyazi. Firiji ya katemera si ya kubutchala. Muziona kuzizira kwake m'mawa ndi madzulo n'kulemba, ngakhale Lamulungu. Isatsike mpaka kuumitsa, katemera akauma wafa ngakhale akuoneka bwino. Musaigunditse kukhoma, kumbuyo kuzipita mphepo. Magetsi akazima musalole aliyense kutsegula chitseko, ngakhale sisitere wamkulu. Za mawaya zimene zimakuzungulitsani mutu musazigwire mwongoyerekeza. Jambulani pa foni ya Tine munditumizire, mpaka ndifike.

Ndipo ndili ndi pempho. Ndikafika ndidzakhala ndilibe ntchito, ndipo pepala lililonse la sukulu limene ndinalembapo mayeso lili ndi dzina lanu. Pa dzina la Luckson Kamtedza palibe ngakhale Sitandade 8. Mukandifunsire kwa sisitere wamkulu ngati a injiniya angafune munthu wowanyamulira bokosi la masipanala. Mukawauze kuti ndi mng'ono wanu, sukulu sanapite nayo patali, koma akauzidwa chochita amamva.

Ndine mng'ono wanu,
Luckson